Khirisimasi yoyamba m'nyumba yatsopano: konzekerani motere

Munthu akasamuka chaka chikupita kumapeto, zinthu ziwiri zimamugwera pamodzi. Abale ndi anzake akufuna kudzaona kumene wasamukira, ndipo Khirisimasi nayo ili pakhomo. Foni imayamba kulira makatoni asanatsegulidwe n'komwe: "Ndiye chaka chino tidzadyera kwanu, si choncho?" Kukana kumavuta, chifukwa mwini nyumbayo nayenso akulakalaka kuti anthu ake adzaone pamene wafika.

Ndaona mabanja akuthera mphamvu ndi ndalama pothamangira kuti nyumba ioneke yotheratu pofika pa 25 Disembala: makatani atsopano, mipando yangongole, zithunzi pakhoma. Tsikulo likafika amakhala atalema kale, ndipo chimene chimasokoneza chisangalalo chimakhala china chimene sanachiganizire, monga chimbudzi chotseka kapena magetsi amene akungothima wina akayatsa ketulo. Nyumba yatsopano simunaidziwe bwino. Yambani mwaidziwa, muikonze kuti igwire ntchito anthu akachuluka. Zokongoletsa zidzabwera, miyezi ilipo yambiri kutsogoloku.

1. Gwirizanani nokha musanauze aliyense kuti abwere

Khalani pansi ndi amene mumakhala nawo, kuphatikizapo ana amene afika msinkhu womva nkhani. Kusamuka kumatopetsa thupi ndi mtima womwe, ndipo mwina wina m'nyumbamo sakufuna chigulu cha anthu chaka chino koma akuopa kunena. Mufunseni mwachindunji. Kenako werengani mipando, mbale ndi malo ogona amene muli nawo lero, osati amene mukuyembekeza kudzagula. Chiwerengero chimenecho ndicho chikuuzeni kuti muitana anthu angati.

Ngati muli pabanja, nkhani imene imafuna nzeru ndi ya mbali ziwiri. Makolo a mwamuna ndi makolo a mkazi onse amafuna kukhala oyamba kuponda m'nyumbamo, ngakhale sangazinene. Musalole kuti zingochitika mwangozi. Sankhani limodzi, ndipo aliyense akauze makolo ake ndi pakamwa pake.

Chimene chimapeputsa zinthu n'chakuti nyengoyi ndi yaitali. Matchalitchi ambiri amayamba Adventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, Lamlungu lachinayi Khirisimasi isanafike, lomwe limagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala, ndipo nyengo ya Khirisimasi imafika mpaka pa 6 Januwale, tsiku la Epifaniya. Pakatipa pali madzulo a pa 24 Disembala, pali pa 25, pa 26, pa 31 ndi pa 1 Januwale. Ngati muli ndi anzanu a matchalitchi a Orthodox a ku Russia, Serbia, Egypt kapena Ethiopia, iwo amakondwerera pa 7 Januwale. Choncho palibe chifukwa chopanikizira anthu onse tsiku limodzi. Makolo ndi abale apafupi angabwere pa 25, anzanu pa 26 kapena pa 31, ndipo pakatipa musiye tsiku limodzi lopanda mlendo aliyense.

Pa ndalama ndinena mwachidule. Kusamuka kwadya kale zambiri: galimoto yonyamula katundu, ndalama yachikole ngati mukuchita lendi, tizinthu tating'onoting'ono timene simunatiwerengere. Patulani kaye za Januwale, monga lendi, madzi, magetsi ndi sukulu ya ana. Zotsalazo ndiye za chikondwerero. Musakongole ndalama kuti mukometse nyumba chifukwa cha alendo amene adzakhala maola asanu okha.

2. Iyeseni nyumbayo alendo asanaiyese

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene Khirisimasi ya m'nyumba yatsopano imasiyana ndi ina iliyonse. Ku nyumba yakale munkadziwa mpopi umene umadontha, soketi imene siigwira, ndi chitseko chimene chimafuna kukankha ndi phewa. Kuno simunadziwe kanthu, ndipo nyumba imene ikuoneka yabwinobwino mukakhala anthu anayi imaonetsa zofooka zake pakabwera anthu 15.

Kutatsala milungu iwiri, pezani pamene pali swichi yaikulu ya magetsi ndi potsekera madzi a nyumba yonse. Ngati mumaphikira gasi, dziwaninso potsekera pake. Musangoziona ndi maso. Gwirani, mutseke, mutsegule. Potsekera madzi pambiri pamakhala patachita dzimbiri chifukwa palibe anapagwirapo kwa zaka, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi masana kusiyana ndi usiku paipi itaphulika. Muonetsenso munthu wina wamkulu wa m'nyumbamo, chifukwa vuto likhoza kuchitika inu mutatuluka.

Kenako sankhani madzulo amodzi muchite ngati alendo afika. Yatsani chitofu, uvuni, ketulo, giza ndi magetsi a zipinda zonse nthawi imodzi. Ngati swichi ya m'bokosi la magetsi yagwa, mwadziwa kuti zina zimafunika kusinthana. Tsegulani shawa wina akutsuka mbale kukhitchini, muone ngati madzi akufika mbali zonse. Gujumulani chimbudzi kangapo motsatizana, muwerenge kuti thanki imatenga nthawi yaitali bwanji kuti idzazenso. Dzazani sinki ndi madzi, muwatsegulire, muone ngati akupita msanga kapena akuzengereza. Akazengereza lero, pa 25 adzaimiratu mafuta a m'mbale akalowamo. Itanani pulambala kapena wamagetsi panopa, chifukwa sabata ya Khirisimasi amisiri amasowa, ndipo akapezeka amatchaja zambiri.

Pa magetsi pali masamu ochepa amene ndi bwino kuwadziwa. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mphamvu imene chimakoka, nambala yotsatiridwa ndi chilembo W, kawirikawiri kunsi kapena kumbuyo kwake. Ketulo zambiri zimakoka pakati pa 2,000 W ndi 3,000 W kumene magetsi ndi a 230 V. Ekisitenshoni yolembedwa 13 A (nambala yosonyeza malire a magetsi amene angadutse m'chingwe chake) pa magetsi amenewa imanyamula pafupifupi 3,000 W basi, ngakhale ikhale ndi mabowo asanu. Kumene magetsi ndi a 120 V, chingwe cha 15 A chimathera pa 1,800 W. Ndiye ketulo imodzi yokha ingathe kumaliza mphamvu yonse ya ekisitenshoni. M'nyumba yatsopano masoketi nthawi zambiri sakhala pamene munazolowera, ndipo mtima umakuuzani kuti mulumikize ekisitenshoni pa inzake kuti ifike. Musatero. Zipangizo zotenthetsa zonse zilowe pa soketi ya pakhoma. Madzulo oyeserawo, patapita theka la ola, gwirani pulagi iliyonse ndi dzanja. Ikakhala yotentha, kapena mukaona pulasitiki yachita chikasu m'mbali mwa mabowo, soketi imeneyo isagwiritsidwe ntchito mpaka wamagetsi aione.

Usiku womwewo zimitsani magetsi onse, muyende kuchokera pamene alendo adzagone mpaka kuchimbudzi. Mudzapeza kasitepe kamene masana simukaona, kapena swichi imene ili kuseri kwa chitseko kumene mlendo sangaganize kufufuza. Ikani kababu kowala pang'ono m'njiramo.

Ngati mwapaka penti posachedwa, tsegulani mawindo tsiku lililonse. Fungo lake limapweteketsa mutu, ndipo limavutitsa kwambiri makanda ndi anthu a mphumu. Musapake chipinda chogona alendo kutatsala masiku awiri. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, werenganinso pangano lanu musanakhome msomali pakhoma kapena kugoneka anthu ambiri, chifukwa eni nyumba ena amaikapo malire.

3. Tsegulani makatoni ofunika okha

Simumaliza onse, ndipo musayese. Yambani ndi kuchimbudzi ndi kubafa: sopo, thawulo la m'manja, mapepala okwanira oikidwa poonekera kuti mlendo asachite kufunsa, kabini kotayamo zinyalala, ndi loko wogwira bwino pachitseko. Loko ameneyu muyeseni muli m'kati. Mwana akadzitsekera m'chimbudzi chimene simudziwa katsegulidwe kake, chisangalalo chonse chimaima.

Kenako khitchini. Tulutsani mapoto aakulu, mbale, makapu, masipuni ndi mipeni, muziwerenge. Posamuka pamasowa tinthu tosayembekezereka, ndipo kawirikawiri ndi chotsegulira zitini, chivundikiro cha poto wamkulu, kapena mpeni wakuthwa umene munaukulunga m'thawulo n'kuuponya m'katoni yolembedwa kuti "mabuku." Ndi bwino kudziwa kutatsala sabata kuti mubwereke kapena mugule.

Pabalaza pafunika pokhala ndi njira yodutsa, basi. Mipando ikachepa, bwerekani. Ana amakhala pansi mosangalala ngati mwayala kanthu, koma okalamba ndi amayi oyembekezera muwasungire mipando yokhala ndi potsamira, pafupi ndi njira ya kuchimbudzi.

Makatoni otsala aunjikeni m'chipinda chimodzi, olemera pansi, osapitirira m'chiuno kutalika ngati kukubwera ana, kenako mutseke chitseko. M'menemo muikenso mapepala ofunika, mankhwala, ndi zonse zimene simukufuna kuti zisweke. Mashelefu ndi makabati aatali amene simunawamangirire kukhoma ndi oopsa kwa mwana wokonda kukwera, choncho amangirireni kapena muwagoneke pansi mpaka alendo atapita.

4. Itanani momveka bwino

Mawu akuti "mudzabwere nthawi ya Khirisimasi" amabweretsa mavuto ambiri. Wina adzafika pa 23 ndi chikwama cha sabata yathunthu, wina adzabwera ndi anzake atatu. Nenani tsiku, nthawi yofika, ndi nthawi imene zinthu zidzathe. Uthenga wake ungakhale wotere: "Amalume, tikukuitanani ndi azakhali pa 25 Disembala kuyambira 12 koloko masana mpaka chakumadzulo. Sitinamalize kulongedza, ndiye malo ogona sitinakonze, koma tikufunitsitsa mudzadye nafe kunyumba yatsopanoyi. Mutiuze pofika pa 15 ngati mubwera ndiponso kuti mudzakhala angati." Munthu akauzidwa zoona mwaulemu sakwiya. Amene amakhumudwa ndi amene wafika n'kupeza kuti sanamuwerengere.

Kumbukirani kuti palibe amene akudziwa njira. Tumizani malo pa Google Maps kapena pa WhatsApp, koma yambani mwayesa nokha, chifukwa m'madera omangidwa kumene mapu amatha kusocheretsa. Onjezani chithunzi cha geti kapena chitseko, ndi chizindikiro chimodzi chachikulu cha panjira. Kwa achikulire amene sagwiritsa ntchito mapu a pafoni, gwirizanani malo odziwika oti wina akawachingamire. Nenaninso poimika galimoto kuti alendo anu asatseke njira ya aneba.

Mu uthenga womwewo funsani ngati pali amene sadya zinazake chifukwa cha matenda, chipembedzo kapena chifukwa thupi lawo limadana nazo. Funso limeneli musaliphonye. Kwa anthu ena kachidutswa kochepa ka chakudya chimene thupi lawo limakana kangawatsekereze kupuma.

Ambiri adzafunsa kuti, "Tibweretse chiyani?" Musayankhe kuti "musavutike" pamene mukusowadi zinthu. Tchulani chinthu chenicheni: mipando iwiri, poto wamkulu, zakumwa, matiresi. Anthu amasangalala kuthandiza munthu amene wangosamuka, ndipo mukapanda kuwauza adzakubweretserani zokongoletsa zimene mulibe poziika.

5. Kaonekereni kwa aneba

Ngati simunawapatse moni, chitani zimenezo alendo asanabwere. Gogodani, dzitchuleni, muwauze kuti tsiku lakuti kudzakhala anthu ndipo phokoso lidzatha nthawi yakuti. Asiyireni nambala yanu. Zimatenga mphindi zochepa, koma zimasiyana kwambiri ndi kudziwana koyamba pakati pa usiku iwo atabwera kudzadandaula. Ndi iwonso amene angakuuzeni tsiku limene zinyalala zimatengedwa pa nyengo ya tchuthi, sitolo imene imatsegula pa 25, ndi chipatala chapafupi chimene chimalandira odwala usiku. Zimenezi mulembe papepala pamodzi ndi adiresi yanu yatsopano, mumate pafiriji. Munthu akadzidzimuka amatha kutchula adiresi yakale. Mukaona kuti pali mneba amene akukhala yekha, muitaneni. Akhoza kukana, koma sadzaiwala.

6. Kongoletsani pang'ono, mosamala moto

Katoni ya zokongoletsa zakale ikapezeka, itulutseni ngakhale zina zatha mtundu. Ana makamaka amakhazikika mtima akaona chinthu chimene ankachiona ku nyumba yakale chitapachikidwa kuno. Apatseni mpata wosankha pochiika. Ngodya imodzi yokongoletsedwa bwino ndi yokwanira.

Timagetsi tokongoletsera tikatuluka m'katoni, yendetsani chala pawaya wonse musanatiyatse, chifukwa posamuka mawaya amapanikizika n'kusupuka. Ngati mukugula tatsopano, sankhani ta LED. Timadya magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi amene mababu akale amadya kapena kucheperapo, ndipo sititentha kwambiri. Tizimitseni pogona ndi potuluka. Kandulo ikhale kutali ndi makatani, mapepala ndi makatoni, osachepera masentimita 30, ndipo isatsale yokha m'chipinda. Nyumba ya munthu wosamuka kumene imakhala yodzaza ndi makatoni ndi mapepala okulungira, zomwe sizichedwa kugwira moto. Ngati muli alamu ya utsi, dinani batani lake mumve ngati ikulira. Makiyi a zitseko zonse zotulukira akhale pamalo amodzi odziwika kwa aliyense wogona m'nyumbamo.

Disembala ndi nyengo yozizira kwambiri kumpoto kwa dziko lapansi, pamene kummwera kumakhala kotentha, koma ngozi iyi ili konsekonse: mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka makala, gasi, palafini kapena petulo zikamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira. Suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako amagona osadzukanso. Makala oyaka asalowe m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pa mawindo ndi zitseko.

Chinanso ndi timabatire tozungulira tokhala ngati tindalama tachitsulo, timene timapezeka m'zidole, m'marimoti ndi m'makandulo a magetsi. Mwana akameza kamodzi, kangawotche kummero pasanathe maola awiri. Zikachitika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone zizindikiro.

7. Chakudya

Chitofu chachilendo chili ndi khalidwe lake. Uvuni wina amapsereza kumbuyo kutsogolo kusanapse, wina amatentha kuposa zimene nambala ikunena. Phikani kamodzi chakudya chimene mukufuna kudzaphika tsikulo, kochepa chabe, kuti mudziwe. Ndipo chaka chino sankhani zimene manja anu anazolowera. Khitchini yachilendo ndi chakudya chachilendo pamodzi zimakutopetsani pachabe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2001 mfundo zisanu zosamalira chakudya, ndipo manambala ake ndi osavuta kusunga. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Chozizira chisungidwe pansi pa madigiri 5 a Celsius, chotentha chikhale pamwamba pa madigiri 60 mpaka nthawi yodya, ndipo pophika kapena potenthetsanso chifike madigiri 70 mpaka m'kati. Pa chikondwerero lamulo la maola awiri ndi limene limaswedwa kwambiri. Chakudya chimaikidwa patebulo masana, anthu akucheza, ena afika mochedwa, ndipo madzulo mbale zomwezo zikadali pomwepo. Tulutsani pang'onopang'ono, zina zidikire pamoto kapena m'firiji. Nyama yaiwisi ikhale ndi thabwa ndi mpeni wake, ndipo m'firiji ikhale pansi penipeni kuti madzi ake asadonthere zina.

Nyama youma ndi chisanu isungunulireni m'firiji, ndipo imafuna nthawi: pafupifupi maola 24 pa makilogalamu awiri aliwonse. Yolemera makilogalamu 6 iyenera kutuluka m'gawo loundanitsa zinthu pa 22 kuti iphikidwe pa 25. Firiji musaipanikize mpaka mpweya kusowa podutsa. Zakumwa zingakhale m'ndowa ya madzi oundana kuti firiji isamatsegulidwe mphindi iliyonse. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, choncho auzeni ana asaikhudze.

Kukhitchini kuloweko anthu awiri kapena atatu okha, ndipo makabati mumate timapepala tolembapo zimene zili m'katimo. Popanda zimenezi tsiku lonse mudzangomva, "Masipuni ali kuti? Nanga mchere?" pamene inunso simunaloweze. Zogwirira za mapoto ziloze kukhoma. Wina akapsa, ikani pamalopo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena china chilichonse.

8. Amene adzagone

Goneranipo nokha usiku umodzi pamalo amene mukufuna kugoneka mlendo. Mudzadziwa ngati pawindo pakulowa mphepo, ngati nyale ya panja ikuwala m'maso, ngati pakufunika bulangete lina. Pawindo popanda katani mungatchinge ndi nsalu. Ikani thawulo, madzi akumwa ndi potchajira foni, ndipo mulembe papepala nambala yachinsinsi ya Wi-Fi. Gwirizanani za nthawi yosamba ngati bafa ndi limodzi, chifukwa madzi otentha amatha. Alendo okalamba nthawi zambiri amabwera ndi mankhwala awo m'chikwama cha m'manja, ndiye asonyezeni shelefu yapamwamba pamene ana sangafike. Za tsiku lobwerera kambiranani asanabwere, pamene nkhaniyo ili yopepuka.

9. Tsiku lenilenilo

Aliyense wofika adzafuna kuzungulira nyumba. Mukamayenda ndi mmodzimmodzi, chakudya chipserera. Dikirani ambiri afike, muwazungulitse kamodzi, kapena mupatse ana ntchito imeneyi, chifukwa amaikonda ndipo imawathandiza kumva kuti kuno ndi kwawo. Chipinda cha makatoni chikhale chotseka, ndipo musapepese chifukwa cha icho. Musayambenso kuloza zolakwika nokha kuti "apa sitinamalize, apa tidzasintha." Alendo ambiri sakanaziona.

Ndemanga zidzabwera. Wina adzati khitchini yachepa, wina adzati mwapita kutali, wina adzafunsa kuti munagula zingati kapena mumalipira zingati pamwezi. Konzekeranitu yankho lofatsa limene silitsegula mtsutso, monga lakuti, "Ifeyo tapakonda, ndipo tikuthokoza kuti mwabwera." Za mtengo simukakamizidwa kuyankha. Kumbukiraninso kuti pagulupo pangakhale m'bale amene akuvutika kupeza pokhala, kapena amene chaka chino chamuthera moipa. Sangalalani ndi nyumba yanu momasuka, koma nkhani isakhale ya nyumba yokhayokha kuyambira masana mpaka usiku. Afunseni anthu za moyo wawo.

Ngati mwasakaniza abale ndi anzanu amene sadziwana, musangowasiya kuti adziwana okha. Mlendo amene sadziwa aliyense mukhazikeni pafupi ndi munthu wochezeka, ndipo powadziwitsa tchulani kanthu kamene angayambirepo kucheza. Kugawira anthu tintchito kumathandizanso. Amene wapatsidwa ntchito yothira zakumwa amalankhula ndi aliyense popanda kuchita manyazi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna musachipeputse. Khirisimasi yoyamba pamalo atsopano imatha kubweretsa chisoni pakati pa chisangalalo. Mwana angayambe kulira popanda chifukwa chooneka, pamene wakumbuka anzake a kumene munachoka. Mayi wokalamba amene kwa zaka zambiri ana onse ankasonkhana kwawo, lero wakhala mlendo pampando wa mwana wake, manja ali pamiyendo, osadziwa kumene kuli supuni. Ena anasamuka chifukwa cha maliro, kutha kwa banja kapena kutha kwa ntchito, ndipo nyumba yatsopanoyo imawakumbutsa zimene anataya. Zikaoneka, musathamangire kunena kuti "lero ndi tsiku losangalala." Khalani naye pambali pang'ono. Kholo lipatseni mbali imene linkachita kale, kaya kutsogolera pemphero, kugawa chakudya kapena kulawa ngati mchere wakwana. Pa zimene banja lanu linkachita chaka ndi chaka ku nyumba yakale, sungani chimodzi kapena ziwiri osasintha kanthu, pa nthawi yake yomweyo. Ngati mukufuna kuyambitsa chatsopano, chikhale chimodzi chosavuta kuchibwereza, monga kujambulitsa nonse pakhomo.

Amene sanathe kubwera aimbireni pa vidiyo, koma panganani nthawi pasadakhale, poganizira kusiyana kwa maola ngati ali kudziko lina. Yesanitu kuti ndi mbali iti ya nyumba imene netiweki imagwira bwino. Poika zithunzi pa Facebook kapena pena paliponse, onani kuti nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi makiyi sizikuoneka, ndipo funsani makolo musanaike zithunzi za ana awo.

Ngati pali mowa, dziwani kuyambira masana amene adzayendetse galimoto pobwerera. Alendo anu akuyenda msewu umene sakuudziwa, mwinanso usiku. Amene wamwa asagwire chiwongolero. Muitanireni takisi kapena mumuyalire pabalaza, ngakhale akwiye.

Inunso khalani pansi mudye pamodzi ndi anthu. Mbale zidikira.

10. Alendo akapita

Zotsala zilowe m'firiji m'zotengera zosazama kuti zizizire msanga, ndipo zidyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi. Zikachuluka, gawirani alendo ponyamuka. Zimene zakhala patebulo tsiku lonse zitayeni, ngakhale zikuoneka bwino, chifukwa tizilombo todwalitsa sitisintha fungo nthawi zonse.

Mawa lake bwezani mipando ndi mapoto obwereka, muthokoze aneba, ndipo muwafunse ngati phokoso silinawasokoneze. Amene anabweretsa mphatso za nyumba atumizireni uthenga wotchula chinthu chimene anabweretsacho. Kenako, zinthu zikadali m'mutu, yendani m'nyumba monse ndi pepala mulembe zimene zaonekera anthu atachuluka: soketi imene inatentha, mpopi umene unayamba kudontha, malo amene anthu ankapanikizana podutsa, mpando umene aliyense ankaukokera pawindo. Zokonza zimene ndi udindo wa mwini nyumba muzijambule ndi kumutumizira sabata yomweyo. Zotsalazo zikuthandizani kusankha chimene mugule choyamba mu Januwale, ndi pamene katundu wa m'makatoni otsala aja akaikidwe.